Mmene ndinagwera pa benchi pothawa Esinati

Esinati, mnzanga wa ku sekondale, anandiululira chinsinsi chake titakhala pa benchi pa Boma, tikudikira minibasi ya ku Limbe.

"Ine mtima wanga umakonda amuna, umakondanso akazi," ananong'ona. "Sindinauzepo munthu. Kwathu akamva andithamangitsa."

Pakamwa ndinati, "Aa, palibe vuto," koma thupi linayamba lokha kusendera uko. Ndinkati mwina akufuna ineyo. Ndinasendera mpaka benchi inatha, ndipo ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, pamaso pa azimayi ogulitsa tomato.

Esinati anandidzutsa akuseka, koma misozi ili lengelenge.

"Khala bwino, Joyisi. Ndati amuna ndi akazi, sindinati aliyense. Iweyo ayi."

Chondichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti sindinapepese. Mpaka ku Limbe ndinkangodandaula mumtima kuti ineyo ndaperewera pati.