Thumba la Pulosesa Iliyonse

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwelo limene kalata ya ntchito inandipeza ku Chinyunyu, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ndinali nditamaliza maphunziro a kompyuta ku Lusaka, koma ndinkangothandiza amai kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Amai sanakane. Anangoti ndine mwana woyamba, ndipo popeza atate anamwalira, zonse za pakhomo zizidutsa mwa ine ngakhale ndili kutali.

Kampani yake inali yaing'ono, yolemba pulogalamu ya pakatikati yoyendetsa kompyuta zikuluzikulu za mapulosesa anayi, omwe ali ngati ubongo wa kompyuta. Ine anandipatsa mbali yogawa memore, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito. Pulosesa ikamagwira ntchito imafuna tizidutswa ta memore pafupipafupi, ndipo nthawi imeneyo zonse zinayi zinkatenga m'nkhokwe imodzi yokhala ndi loko. Ina ikalowa, zitatu zija zinkadikira pamzere. Makina odula chonchi ankatha nthawi ali chiimire.

Mkulu wa gulu lathu anandiuza kuti ndipatse pulosesa iliyonse kathumba kake. Ikafuna kachidutswa izitenga m'menemo, ikamaliza izibwezera momwemo, ndipo kunkhokwe izipita pokhapokha thumba likauma kapena likasefukira. Ndinavutika nazo miyezi, koma zitayenda, mzere unatha. Tinkayesa ubwino wa ntchitoyo poona kuti mapulosesa abwera kangati kunkhokwe. Akabwera kamodzikamodzi, ndiye kuti zili bwino.

Kunja kwa ofesi ndinalibe munthu. Ndinkakhala m'kachipinda kapamwamba, ndipo Lamlungu lonse linkatha osatsegula pakamwa. Chondisangalatsa chinali makalata a kumudzi, ngakhale ankandikwiyitsanso. Amai ankatuma mlongo wanga Esinati kulemba kuti sopo watha. Mng'ono wanga Mabvuto ankafuna feteleza. Pakati pa zopemphazo m'pamene ndinkamva kuti mbuzi yaswa, uje wathawa ukwati, mvula yachedwa.

Apa ndipo ndinachita nzeru zopusa. Ndinaona kuti onse akudikira pamzere kwa ine, yankho n'kumatenga mwezi. Ndiye ndinayamba kutumiza ndalama za nyengo yonse nthawi imodzi kudzera mwa mayi wina wamalonda, aliyense envulopu yake. Ndinalembanso monyada kuti tsopano palibe chifukwa chondilembera pa kanthu kalikonse, aliyense azitenga m'thumba mwake.

Zinayenda bwino kwambiri. Makalata anachepa, kenaka anasiya. Ndinkatsegula bokosi la makalata tsiku lililonse n'kupezamo mapepala otsatsa mipando. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti chete ameneyu ndi umboni woti sakusowa kanthu, koma ndinkaopa kuti andichotsa m'mutu. Kulemba ndekha kufunsa ndinkachita manyazi. Ndinapirira zaka ziwiri, kenaka ndinapempha tchuthi.

Nditatsika minibasi pa Chinyunyu, ndinapeza nyumba ya amai ili ndi malata. Pakhonde panali kamwana koyenda dzandidzandi, ndipo Esinati anatuluka n'kukanyamula. Anali atakwatiwa. Nkhani ya ukwati anayendetsa ndi Mabvuto ndi amalume, ndipo mwanayo anam'patsa dzina la atate. Amai ankatsimphina, chifukwa anagonekedwapo kukiliniki ya ku Rufunsa ndi mwendo. Zonsezi ndinazimva nditakhala pampando wa alendo.

Mtima unandiwawa, ndipo ndinafunsa mokalipa chifukwa chake sanandiuze.

"Manje tikanalemba chani, mwana wanga?" anatero amai. "Ndalama ya kuchipatala inalipo. Ya ukwati inalipo. Iwe unakamba kuti tisakuvute."

Sananene mokwiya, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Kwathu munthu sayamba kalata ndi kunena kuti ndakusowa. Amayamba ndi sopo, zinazo zimatsatira. Ine ndinatseka khomo lokhalo limene ankadziwa kugogoda.

Ndinakhala masabata awiri. Mabvuto ankandipatsa ulemu wonse, koma za munda ankafunsana ndi mlamu. Tsiku lina ndikuthandiza amai kusuntha bedi, sutikesi yawo inatseguka, ndipo munali zitenje zatsopano zopindidwa bwino, zosavalidwa n'kamodzi komwe.

M'mawa wobwerera amai anaumirira kundiperekeza mpaka pamsewu ndi mwendo wawo uja. Minibasi itaonekera, anandigwira dzanja.

"Ukafika unitumizireko chitenje," anatero akuyang'ana kumbali. "Nilibe chovala ku tchalitchi. Nizamuuza Esinati akulembere, ungaiwale."

Ndinavomera kuti ndidzadikira kalatayo kaye ndisanagule. Ndinakhala pampando wakumbuyo, ndipo ndinalira mpaka ku Chongwe.