Kukagula Poto Wathuwathu ku Katete

Loweruka tinanyamuka ku Sinda dzuwa likungotuluka, ine ndi amayi, kukagula poto wamkulu ku Katete. Kwa zaka zambiri amayi ankabwereka wa anaBanda, oyandikana nafe, amene amabwereketsa ndi mtima wonse kenako n'kuuza mudzi wonse. Amayi anati manyazi amenewo akwana.

Minibasi inali K50 munthu mmodzi. Mayi wina anandiikira nkhuku pamiyendo osandifunsa. Ndinaigwira bwinobwino mpaka ku Katete, poti sindinadziwe pokanira.

Cha m'ma 9 koloko tinali pamsika. Mapoto onyezimira a m'sitolo amayi anangowadutsa, akuti ndi oonetsa alendo, pamafuwa sakhalitsa. Tinaima kwa bambo wina wogulitsa mapoto ochindikala, osungunula pamanja. Amayi anagogoda poto aliyense ndi chala, n'kumuyang'anitsa kudzuwa kuti aone ngati ali ndi kabowo.

"Amayi, mukugula poto kapena ng'oma?" anafunsa bamboyo.

"Pamtengo umenewu, ayenera kuphika ndi kulira komwe."

Bamboyo anatsitsa mtengo kufika K600, n'kutiikira chipande cha mbasela. Tinadya chinangwa chokazinga titaimirira, amayi osachotsa dzanja pachivundikiro.

Pobwerera kondakitala anati, "Uyu wakhala ngati munthu, alipire ngati munthu." Amayi anamuika pamiyendo panga, ndiye msewu sindinauone. Poto anali atamukulunga m'chitenje kuti anthu asamudziwe, ndipo titatsika tinazembera njira ya kuminda ya thonje.

Pakhomo tinapeza anaBanda atakhala kale pamkeka.

"Mwayenda bwanji, anaPhiri? Kwagwatu maliro kutsidyaku. Poto wanga ndapereka, koma sakwanira. Ndamva kuti mwabwera ndi mnzake."

Za maliro munthu sakana. Amayi anamasula chitenje pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndilembe dzina lathu kunsi kwa poto ndi utoto wa zikhadabo. Ndinalemba mosamala kuposa mmene ndimalembera mayeso. AnaBanda anamusenza utoto usanaume.

Ndikulemba izi Lachinayi. Poto wachoka kumaliro, akuti ali kuchinkhoswe ku Mkaika. Pamafuwa pathu sanakhalepo. AnaBanda akuuza mudzi wonse kuti amayi ndi amtima wabwino, wofuna poto azipita kwa amayiwo.

Ndaona kuti amayi apezadi chimene ankafuna. Sayendanso m'makomo kubwereka poto. Amayenda kufunsa kumene wafika.