Mwala wa pa Mpata

Greyson Kachingwe sankatenthetsa mpando. Anachoka kwawo ku Dedza chaka cha referendamu, anagulitsako kaunjika, anagayitsako chimanga, mpaka anatera pa Mhuju n'kuyamba kuyendetsa matola. Anthu ankati munthuyu ali ndi linthumbu m'mapazi. Chimene chinamuimitsako ndi Ida Msiska, telala wa pamsika, koma bambo ake a Ida, a Laws, mkulu wa mpingo, anali asanavomere.

Tsiku lina a Laws anakwera galimoto ya Greyson kuti akamuonetse kumudzi kwawo, kuseri kwa mapiri. Greyson anasangalala, koma mantha analiponso. Ankangolongolola, uku akuponda moto ngati akuthamangitsidwa.

Atafika pa mpata, pomwe msewu umapanikizika pakati pa matanthwe, chigwa chonse cha Henga chikuoneka pansi, injini inatsokomola n'kuzima. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Greyson anakoka buleki, n'kudumpha, n'kutola chimwala pa mulu umene unali pambali, n'kutchinjiriza tayala. Anatembenuka akumwetulira, kudikira kuyamikidwa.

Okwera onse anayang'ana muluwo. Mayi wina anagwira pakamwa.

"A Kachingwe," anatero a Laws motsitsa mawu, "mulu uwo anauyamba ndi agogo athu pothawa nkhondo. Aliyense wodutsa amaponyapo mwala kukumbukira amene anatsala m'njira. Sitichotsapo."

"Pepani adada. Ndimaona ngati ndi miyala wamba. Komanso inu si a mpingo?"

Pakamwa pamamupereka munthu. Greyson anamva manyazi mpaka kumsana, ndipo anadziwa kuti Ida akumupulumuka m'manja.

"Ndine wa mpingo chomene," anayankha mkuluyo, "koma agogo ndili nawonso. Inu mumatola chimene chili pafupi n'kumapita. Mwana wanga mudzamutero?"

Greyson anatsetsereka kuphompho, minga ikumukala, n'kubwera ndi mwala wina paphewa. Anauika kutayala, wakalewo n'kuubweza pamalo pake, mbali ya ndere kumwamba monga anaupezera. Kenaka anaima chilili, manja kumbuyo, osadziwa chochita ndi miyendo yake.

A Laws anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutenga ndodo yawo.

"Ine nditsiriza wapansi. Mukapeze munthu wodzakulankhulirani kwathu. Koma Ida sadzachoka kuno, ndiye muganize bwino musanamutume."

Injini inalira galimoto itangokankhidwa pang'ono, ndipo okwera anayamba kumufulumizitsa. Greyson anakhala chigwirire chiwongolero, akusinkhasinkha mawu a mkuluyo, osaponda moto.