Lussie Puntel ndi Mapazi a Meni

Mwezi wathawu parishi yathu inaika m'manda mayi Lussie Puntel. Ambiri a ife tinaphunzira kuyenda titavala nsapato zansalu zosokedwa ndi manja awo.

Anabadwa mu 1926 kumtunda kwa mudzi, m'banja la ana atatu: mkulu wawo Nardine, iwowo, ndi mlongo wawo Tin. Bambo awo ankakhalitsa ku France pa ntchito yomanga nyumba, monga amuna ambiri a kuno kumapiri a Carnia. Akazi ankatsala ndi ng'ombe ndi udzu wosenza kumsana, ndipo chisanu chikatseka njira ankakhala pansi kusoka. Pa zaka zisanu ndi ziwiri Lussie anali atadziwa kale kusanjikiza sanza makumi awiri, kuzibaya ndi chisingano ndi ulusi wokhuthala mpaka chopondera chiume gwa ngati thabwa, kenako kusokerera nsalu yakuda pamwamba.

Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti mapazi a anthu ankawanyansa. Akangoona chikhadabo chachikasu chopindikira m'mnofu, malovu ankadzaza m'kamwa. Akatumidwa kukayeza phazi la munthu wamkulu, ankayeza osapuma, n'kuthamangira kumpopi kukasamba mpaka m'zigongono. Nazonso sanza zimene anthu ankasiya kutchalitchi kuti zithandize osauka zinali zosayamba: malaya ouma ndi thukuta la chaka chatha, mabuluku onunkha mkodzo, zofunda za maliro zosachapa. Ankaziwiritsa ndi phulusa kawiri, nkhope atayang'anitsa kumbali. "Anthu amapatsa Mulungu chimene galu wakana kugonera," ankatero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kutha, Tin, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anabisala m'khola la kuphiri pothawa asilikali. Amene anakawalozera kholalo anali mnansi wawo, Meni, ndipo anamulipira thumba la mchere. Asilikaliwo anamuwombera Tin pamlatho. Lussie ndi Nardine ndiwo anasambitsa thupi lake. Mlandu sunapite kukhoti, koma mudzi unaweruza wokha: Meni moni anamumana, ndipo akakhala pabenchi m'tchalitchi anthu ankasunthira kwina.

Lussie sanakwatiwe. Anasamalira makolo mpaka kuwaika, Misa ya m'mawa sankaphonya, ndipo ankasokera ana oyamba Ukaristia, akwati ndi okalamba.

Mu 1974 Meni, atakalamba yekhayekha, anagwidwa ndi matenda a shuga. Mapazi anatupa mpaka nsapato iliyonse inakana. Wansembe wathu wa nthawiyo, Bambo Aldo, anamupeza atawakulunga m'nyuzipepala, ndipo Misa itatha anauza amayi pakhomo pa tchalitchi. Onse anayang'ana pansi n'kubalalika. Lussie anatsalira.

"Bambo, mukudziwa chimene munthu uja anachita."

"Ndikudziwa. Sindikukutumani, Lussie. Ndangonena zimene ndaona."

"Mukanaona n'kukhala chete, bwenzi mutandichitira chifundo."

Lachinayi anapita kwa Meni ndi beseni, pepala ndi pensulo. Fungo linawalandira asanagogode n'komwe. Nyuzipepala zinali zitamatirira pazilonda, ndipo atazinyowetsa n'kuzimatula, mafinya anayenderera mpaka pachidendene. Pakati pa zala ziwiri panali kuyenda mphutsi. Lussie anatuluka, anakasanza kuseri kwa mulu wa nkhuni, anapukuta pakamwa ndi epuloni, n'kubwerera kukagwada.

"Wabwera kudzandiseka, mwana wa Puntel?" anafunsa Meni.

"Kwezani phazi."

"Manja akowa ndi ozizira ngati a mtembo."

"Kwezani linalo."

Anamusokera nsapato zazikulu zomanga ndi zingwe pamwamba, ndipo posowa nsalu yofewa yoyala m'kati anadula pitikoti yawo yaubweya. Nkhani inafika kwa Nardine tsiku lomwelo, ndipo anawapeza kumpopi, pamaso pa amayi ena.

"Iwe, manja amene anasambitsa Tin ndi omwewa ukusisita nawo mapazi a Yudasi?"

"Ndi omwewa, akulu. Ena ndilibe."

"Basi usadzandigwirenso nawo. Pakhomo panga usadzapondepo."

Nardine analavula pansi n'kunyamula ndowa yake. Kuchokera tsiku limenelo, akakumana m'njira ankayang'ana khoma.

Zaka zinayi, Lachinayi lililonse, Lussie ankakwera kwa Meni. Nsapato zinkawola ndi mafinya pa miyezi iwiri, ankazitola ndi ndodo n'kuzitentha, n'kuyamba zina. Sanazolowere. Tsiku limenelo sankadya, chifukwa fungolo linkatsalira m'mphuno mpaka mawa lake. Meni sanathokozepo. Chimene ankadziwa kunena n'chakuti, "Yakumanzereyi ikuthina." Dzina la Tin sanalitchulepo. Tsiku lina ataona Lussie akuthira mchere m'madzi otsukira zilonda, anaseka, nkhama zili poyera.

"Mchere unatsika mtengo masiku ano, eti?"

Lussie anamaliza kumanga mapazi onse awiri, anakhuthula madziwo panja, n'kulunjika kwa wansembe.

"Bambo, lero ndinatsala pang'ono kumukhuthulira beseni kumaso. Mapazi ake amandinyansa, koma mwini wake amandinyansa kuposa mapaziwo. Ndapemphera kolona kuti mtima ufewe, sukufewa. Ntchito ya munthu wochita nseru chonchi, Mulungu angailandire?"

Bambo Aldo anafunsa kuti, "Lachinayi likubwerali mupitako?"

"Nanga apita ndani?"

"Ndiye funso lanulo musiyireni Mwini wake."

Meni anamwalira mu 1978 osapepesa. Kumanda kunali anthu atatu: wansembe, wokumba manda ndi Lussie.

Lussie anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Maso atachita khungu ankasoka mopapasa, ndipo Lachinayi anayamba kupita kunyumba ya okalamba ya kuchigwa. Mtsikana wina atawauza kuti iye sangathe ntchito imeneyo chifukwa sachedwa kunyansidwa, anamuyankha kuti, "Ukasanze kaye, mwanawe, kenako ubwere. Phazi silithawa."

Pa Lenti ya chaka chino chifuwa chinawagoneka. Analapa, analandira mafuta a odwala, ndipo Lachiwiri masana, belu la pemphero la Angelo likulira, anapuma komaliza kolona ili m'manja, mwakachetechete ngati munthu woti watopa ndi ulendo.

Amayi okonza m'nyumba anapeza nsapato zatsopano mudengu la Lussie losokera, zotambalala kutsogolo monga zimafunikira kwa wodwala nyamakazi, zitabayidwa kapepala kolembedwa kuti Nardine. Mnansi wina anakumbukira kuti mu Januwale anawaona Lussie atagwada m'chipale chofewa pakhomo pa tchalitchi, akuyeza ndi kaulusi pamene wina anali atangoponda.

Nardine, amene tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, anabwera ku Misa ya maliro atazivala, ngakhale kunja kunali matope. Potuluka anaima pafupi ndi bokosi nthawi yaitali, akuyang'ana mapazi ake.

"Zandikwana ndendende," anatero. "Wamakani iwe, unandiyeza liti?"

Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Amene angathe kutenga malo awo Lachinayi akaonane ndi Bambo mfumu, ndipo abwere ndi beseni lawo.