Mawindo a m'filimu ya amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala m'chipinda chimodzi ku Khayelitsha, komboni ya mumzinda wa kudziko la eni, pamene ndinawalanda amayi anga Lamulungu lawo.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay, kwa azungu okhala m'mphepete mwa nyanja. Ankanyamuka kunja kusanache, n'kubwera manja atatuwa ndi sopo. Lamulungu masana ndiyo inali nthawi yawo yokha. Tikabwera kutchalitchi ankavula nsapato, n'kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, n'kuika filimu imodzimodzi yomwe anagula pa renki ya matakisi. Inali ya mayi wina wa ku Amereka amene anasiya zonse n'kukakhala m'nyumba yoyera ya magalasi pafupi ndi nyanja. Chingerezi chake sankachimva chonse. Ankangoti kumeneko anthu amapuma mpweya wabwino.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Zimene ndaona sindinkaziyankhula, ndinkazilemba m'kabuku kanga kobisa pansi pa matiresi. Nkhani ya filimuyo inali itanditopetsa kalekale, choncho maso anga ankangoyendayenda kumbuyo kwa anthuwo. Tsiku lina ndinaona benchi ya buluu pansi pa mitengo ya kanjedza. Ndinaizindikira. Ndinakhalapo ndi amayi nthawi ya tchuthi, tikudikira basi. Phiri lalikulu la kumbuyo kwa malowo analifufuta ndi kompyuta n'kuikapo nyumba zazitali, koma benchi anaiiwala.

Ndinalemba zimenezi m'kabuku, ndipo zikanathera momwemo. Koma Lamulungu lotsatira kunabwera a Asiyatu, anansi athu a ku Mangochi, omwe ankakonda kundiseka kuti ndine mwana wopanda pakamwa. Ndinafuna aone kuti nzeru ndili nazo. Ndinatenga rimoti n'kuimitsa filimu.

"Amayi, uku si ku Amereka. Ndi ku Camps Bay. Onani benchi yanu ija."

A Asiyatu anaseka mpaka misozi, nati opanga mafilimu ndi akathyali, atigulitsa msewu wathu womwe. Anandiyamikira kuti ndili ndi maso akuthwa. Amayi sanaseke. Anatuluka m'beseni, madzi akudontha pa simenti, n'kukaima pafupi ndi TV nthawi yaitali. Kenako analoza nyumba yoyera ija, nati ndi yachitatu kuchokera kwa abwana awo, ndipo wantchito wake amamudziwa, mtsikana wa ku Dedza.

Sanandikalipire. Mwina akanandikalipira mtima wanga ukanapepuka. Lamulungu linalo ndinawatenthetsera madzi ndekha, n'kuika filimuyo asanandiuze. Anaonera pang'ono, kenako anandipempha mofatsa kuti ndizimitse.

"Mwana wanga, pano ndikungoona mawindo ofunika kupukuta."

Sanaionerenso. Tsamba lija ndinaling'amba m'kabuku, ngati kuti kung'amba kungabweze kanthu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinaona chimene amayi analephera kuona. Lero ndimadziwa kuti maso awo sanali ofooka. Msewu umenewo ankauponda masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri maso awo ankafuna kupita kutali. Mpaka pano ndimazindikirabe misewu ya mzinda uno m'mafilimu, ngakhale aipake utoto wotani. Koma ndimayamba ndayang'ana nkhope ya amene ndikuonera naye, ndipo rimoti ndimaisiya patebulo.