Lole Yolira Mokankha

Dzulo pa Boma thirakitala inandipemerera utsi wa dizilo, ndipo ndinakumbuka lole ya bambo.

Inali yachikale, yobiriwira, chitsulo chokhachokha. Inkasenza mabelo a fodya osadandaula, koma sitata inafa kalekale. Choncho inkagona pamtsetse kuseri kwa nyumba, mwala uli kutayala. Akachotsa mwalawo, inkatsetsereka n'kulira yokha.

Tsiku lina bambo atatsitsa mitengo yokonzera chigafa cha fodya, anaisiya pomwepo, pachidikha. Mvula inagwa yambiri. Kutacha, mlongo wanga wamng'ono, amene ankadwala malungo, anayamba kukomoka.

"Itanani matenanti!" anakuwa bambo.

Tinakankha tonse, amuna, akazi ndi ife ana. Matope ofiira ankatimeza mapazi, chitsulo chikuzizira m'manja. Lole inkangokhosomola n'kukhala chete.

"Bwana, timange ngolo," anatero tenanti wina wachikulire. "Ng'ombe zili m'khola."

"Ngolo ikafika liti kuchipatala? Kankhani!"

Tinakankhabe. Dzuwa litakwera tinaifikitsa pouma, ndipo inalira, utsi wakuda uli tolotolo. Matenanti anaomba m'manja. Ine ndinathamangira kunyumba kukaitana amayi.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, atamufunditsa chitenje mpaka kumutu.

"Amayi, yalira! Tiyeni!"

Sanadzuke. Anayang'ana kumsewu, kumene bambo ankaponda moto ndi kuliza hutala mosalekeza.

"Pita ukawauze bambo ako azimitse," anatero.