Chingwe choyanikapo zovala pa maziko a tchalitchi

Zaka zimene ndinkasesa pa bwalo la ndege ku Chileka, ndinatola kabuku kamene mlendo wina anakaiwala pampando. Kankasimba za mphunzitsi wa ku India amene anathera moyo wake wonse pa masamu a mizere ndi ngodya. Zambiri sindinazimve. Chimene chinakhazikika mumtima ndi tsamba losonyeza mmene makolo akwawo ankawongolera ngodya ya guwa ndi chingwe cha mfundo zotalikirana mofanana: mipata itatu mbali iyi, inayi mbali iyo, isanu yopingasa.

Nditabwerera kwathu ku Lirangwe, mpingo wathu unayamba kumanga tchalitchi. Mkulu wa mpingo, yemwenso anali mmisiri, ankatenga ngodya monga ankachitira bambo ake: kugoneka chitseko chakale pansi n'kukhoma zikhomo motsata m'mbali mwake. Chitsekocho mvula inali itachipotokola. Ine ndinali m'gulu la amayi otunga madzi, koma maso ndinali nawo.

"Abambo, ngodya iyi yakhota," ndinatero.

"Mayi, ndowa yanu ikukudikirani," anayankha. Amuna anaseka.

M'mawa mwake ndinabwera ndi chingwe changa choyanikapo zovala, nditamanga kale mfundo.

"Zimenezi mwazitenga kuti?" anafunsa mkuluyo.

"Kwa mphunzitsi wa ku India."

"Nyumba ya Mulungu tiyeze ndi nzeru za amwenye osabatizidwa? Mukakhoma chikhomo pano, mgonero muuiwale."

Chibatizidwire ndinali ndisanajombepo pa mgonero. Koma ndinakumbukira kuti mitengo ya kachisi wa ku Yerusalemu anaidula ndi anthu a mitundu ina, ndipo Mulungu sanaikane. Ndinakumbukiranso mneneri amene anaona munthu atagwira chingwe choyezera m'dzanja. Ndinagwada pafumbi n'kukhoma zikhomo zitatu. Nditakoka mzere wanga mpaka kumapeto kwa maziko, unasiyana ndi wa chitseko kutalika kwa mkono wathunthu.

Zikhomo zawo anazizula Loweruka lotsatira, ine kulibe, n'kuzikhoma momwe munadutsa chingwe changa.

Akulu anandiletsabe mgonero kawiri, ati chifukwa cha mwano, n'kundiuza kuti ndipepese. Sindinapepese. Ambuye amadana ndi muyeso wonyenga, nanga ndipepese chiyani? Khoma litakwera anangondibwezera mwakachetechete. Kutsogolo kumene ndinkakhala kale sindinabwerereko. Mpaka lero ndimakhala kumbuyo, nditatsamira ngodya ija, ndipo chikho chikandifika ndimapempherera mphunzitsi amene sindinamuonepo.